Mafuta a Griffin, Khungu la Olive

Mukamadutsa pamsewu waukulu pakati pa Chintheche ndi Kande, nkuona mwamuna wovala gauni loyera ataima pambali pa kathebulo ka mabotolo, mphumi ikung'anima ngati chiwaya cha tchipisi, dziwani kuti ameneyo ndi Griffin Longwe. Musavutike nkumufunafuna, akuimitsani yekha. Akutambasulirani dzanja, osati kuti mupatsane moni ayi, koma kuti mulinunkhize. Amagulitsa mafuta odzola a kokonati, ndipo amadzitcha dokotala wa khungu. Dokotala! Munthu woti ngakhale bandeji sadziwa kuti amayambira pati kumanga.

Ine ndine Ethel Kachingwe, namwino. Kwathu ndi ku Dedza, koma boma linanditumiza kuno mu 2013 ku kachipatala kena kakang'ono, ndipo ndakhalitsa mpaka Chitonga ndimachimva, makamaka akamandinena. Ndineneretu kuti musadzati ndinakubisirani: munthu ameneyu sindimuwerengera. Amene akufuna mbiri yomutamanda akafunse mwini wake, ali nayo yaitali ndipo satopa nayo. Yanga ine ndi ya zimene anachita ndi khungu la mchemwali wake.

Griffin anabadwa mu 1986. M'nyumba mwawo anatsala awiri okha, iye ndi mchemwali wake Olive, amene ndi wamkulu kwa iye ndi zaka khumi ndi chimodzi. Olive ndi wachialubino. Bambo awo anamira panyanja akuwedza usipa, mayi awo anatsatira patangopita zaka zitatu, ndiye kuyambira Griffin ali sitandade 2, mayi wake anali Olive, bambo wake anali Olive yemweyo. Chuma chimene makolo anasiya ndi munda wa chinangwa ndi mitengo isanu ndi iwiri ya kokonati kuseri kwa nyumba, imene agogo awo anabzala atabwerako kogwira ntchito kudoko la Dar es Salaam.

Amene sanaonepo ntchito ya chinangwa asamanyoze kondowole, nsima yake ija. Ukumbe, usende, ukaviike m'madzi masiku angapo, uvuule chikununkha, uyanike pathandala, usinje, usefe. Zonsezi ndi za panja, ndipo dzuwa la kunyanja kuno ngakhale ife akhungu lakuda limatipsereza. Olive ankazigwira m'mamawa ndi chakumadzulo, atadzikuta chitenje mpaka m'maso, ndipo ndi ufa umenewo anamuveka Griffin yunifolomu ndi nsapato. Kuthokoza kwake? Akamapita limodzi kumsika, mwanayo ankatsogola patali kuti anthu asadziwe kuti ali limodzi. Anzake akusekondale atabwera kudzacheza, anawauza kuti mayi wakupatsani madziyu ndi wantchito wathu. Nkhani imeneyi anandiuza ndi Olive mwini wake, akuseka. Ine sindinaseke.

Mayeso a folomu 4 analemba kawiri, ndipo kawiri konseko dzina lake silinatuluke. Ati aphunzitsi ankamuchitira nsanje. Mu 2009 anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri akuno. Anzake akapita amatumiza malata ndi mawindo, koma iye patatha miyezi isanu ndi iwiri anamubweza ndi apolisi, atanyamula nsapato zosongoka ndi kayendedwe katsopano. Anakwatirapo kamodzi, mkaziyo anapirira chaka chimodzi nkubwerera kwawo ku Limphasa, ati bola kukapinda msana mumpunga kusiyana ndi kusita mashati a munthu wosagula sopo. Kenako anapeza ntchito pa loji ina ya alendo cha ku Kande. Ntchito yake inali kusalaza mchenga ndi kukokera azungu mipando yogonera padzuwa. Kumudzi ankanena kuti ndi manijala wa gombe. Mxii!

Ine ndinayamba kudziwa Olive ndisanamudziwe manijalayo. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ankabwera kuchipatala kudzatenga mafuta oteteza khungu ku dzuwa, amene timapereka kwa anzathu achialubino. Ankafika atavala chipewa cha khonde lalikulu ndi bulauzi ya manja aatali, ambulera ili m'manja. Ndinkamuyang'ana m'khosi, m'makutu, pamilomo ndi pamwamba pa manja, malo amene dzuwa limayambira kudya. Mayi wa zaka pafupifupi makumi anayi, wolima chinangwa moyo wake wonse, koma khungu lopanda bala ndi limodzi lomwe! Timadontho tokhakhala tiwiri titatu pakhosi, basi. Ndinkanyadira ngati ndinalilenga ndine. Pa ntchito yangayi ndaperekeza kumanda achialubino angapo aang'ono kwa iye, onsewo ndi khansa ya pakhungu, ndiye sindinkamubisira.

"A Olive, chipewa ichi ndi botolo ili ndiwo moyo wanu. Mukazitaya mwadzitaya."

"Yewu, ama Nesi, ndamva," ankayankha choncho, kuthokoza kwa Chitonga.

Nzeru zinamufikira Griffin m'chilimwe cha 2016. Akukoka mipando yake pamchenga paja, anaona azimayi achizungu akudzola mafuta ochokera m'botolo lojambulidwa kokonati, kenako nkugona padzuwa mpaka masana. Mutu wake unayamba kugwira ntchito, mwina koyamba chibadwire. Azungu ndi oyera. Olive ndi woyera. Azungu akudzola kokonati nkugona padzuwa osafa. Kuseri kwa nyumba kuli mitengo isanu ndi iwiri ya kokonati. Basi, sukulu ya udokotala inathera pomwepo. Kufunsako mmodzi wa azimayiwo kuti kodi mafutawa ndi a chiyani, ayi, manijala safunsa. Paja safunsa anadya phula, koma phula la Griffin anadya ndi wina.

Anayamba bizinesi. Ndikati anayamba musaganize kuti anakwera mumtengo kapena kugwira chitsulo chopalira. Wothyola kokonati ankachita kumulemba ganyu. Kuswa, kupala, kufinya m'nsalu, kuwiritsa mkaka wakewo pamoto wochepa mpaka mafuta atayandama, kusefa, kutsuka mabotolo otola, zonsezi Olive. Griffin yake inali kumata mapepala olembedwa dzina lake ndi kulankhula. Anali atatola liwu limodzi la Chingerezi pa loji paja, lakuti nachulo, kutanthauza zachilengedwe, ndipo ankalithira paliponse ngati mchere.

Ndisaname pamaso pa Mulungu, mafutawo ndi abwino. Olive ali ndi dzanja, sapsereza ndipo sasiya madzi. Inenso ndinagulapo botolo limodzi. Zidendene zikang'ambika m'chilimwe, miyendo ikatuwa, tsitsi likauma, amathandiza ndipo amanunkhira bwino. Koma dzuwa satchinga. Wachialubino kudzola amenewo nkukakhala padzuwa la Okutobala kuli ngati nsomba kudzithira yokha mafuta pafupi ndi chiwaya. Griffin akanangogulitsa za zidendene, bwenzi lero ndikumupatsa moni.

Mu Seputembala Olive sanabwere kuchipatala. Mu Okutobala sanabwerenso. Loweruka lina la Novembala ndinakwera kabaza kupita kwawo, botolo lake lili m'chikwama, ndipo sindinafike ndi kunyumba komwe. Ndinamupeza pamsewu. Mayo ine! Anali atakhala pampando pambali pa kathebulo kaja, nthawi ili cha m'ma leveni, kumutu kopanda kanthu, atavala diresi yopanda manja. Mapewa, khosi ndi makutu zili psuu, zikunyezimira ndi mafuta. Griffin anali ataimitsa galimoto ya alendo ochokera ku Lilongwe, akuloza mchemwali wake ngati akutsatsa mbuzi.

"Onani nokha khungu ili. Awa ndi azichi anga, achemwali anga enieni, bere limodzi. Kale ankadzola za boma, makemikolo okhaokha. Pano nachulo basi. Gwirani muone kufewa kwake."

Ndinadikira galimoto ichoke. Ndinayesetsa kuyamba mwaulemu.

"A Longwe, chipewa cha a Olive chili kuti?"

"Chipewa chimabisa katundu, a Sisita. Makasitomala aziona bwanji?"

"Nanga mafuta amene ndinawapatsa?"

"Ndinataya m'chimbudzi. Inu simudziwa kuti azungu, eni ake a khungu loyera, amadzola kokonati? Ine ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Inu mzungu munamuonapo pafupi?"

Apa ndiye ndinalakwitsa, ndivomere. Mtima wanga ndi wapachala, amayi anga anaulephera. Ndinamukhuthulira zonse pamsewu pomwepo, azimayi ogulitsa nthochi akumva. Ndinati iwe ndiwe mbuli, folomu 4 inakukana kawiri, Joni inakulavula, mkazi anakuthawa, wakula ndi thukuta la mayi uyu ndiye lero ukumuwamba padzuwa ngati usipa. Zonsezo zinali zoona ndipo sindibweza ndi liwu limodzi lomwe. Koma amene anandiyankha sanali Griffin. Olive anadzuka pampando paja.

"Ama Nesi," anatero, "mwana uyu ndinalera ndine. Simungamutukwane pamaso panga. Thupi ndi langa. Pitani."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinatulutsa botolo lija nkuliika pathebulo. Griffin analikankha ndi chala chimodzi mpaka linagwera m'ngalande, nkudzipukuta chalacho ndi kampango. Ndinakwera kabaza wanga nkumapita.

Patatha milungu itatu kuchipatala kunabwera Peterson, woperekera zakumwa pa loji yomwe ija, atadzicheka ndi galasi pachikhatho. Ndikumusoka, anayamba yekha.

"Ama Nesi, ndamva kuti munakangana ndi dokotala wathu. Komatu iye akudziwa."

"Akudziwa chiyani?"

Peterson anafotokoza kuti kumayambiriro kwa Okutobala Griffin anagulitsa botolo kwa mayi wina wa ku Jeremani, nkuyamba kudzitama kuti mchemwali wake wachialubino anasiya za kuchipatala, pano akudzola zomwezi. Mayiyo anaika tambula yake pansi, nkumufunsa kawiri ngati wamva bwino. Kenako anamuuza pang'onopang'ono, Peterson ali chiimire pomwepo ndi thireyi, kuti iwo akadzola kokonati nkugona padzuwa amafuna kuti khungu lipse, lide, kuti akabwerera kwawo anzawo akaone kuti anali ku Africa. Akafuna kudziteteza amadzola ena. Anapisa m'chikwama nkutulutsa botolo la mtundu womwe timapereka ife, nkumupatsa Griffin, akumuchonderera kuti akapatse mchemwali wake tsiku lomwelo.

"Ndiye anakamupatsa?"

"Anagulitsa kwa mlendo wina lisanalowe dzuwa. Ine anandiuza kuti ndikangotsegula pakamwa kumudzi, ndiona zakuda. Ndakuuzani inu chifukwa a Olive anandiphikirapo chigwada ndili mwana."

Kumayambiriro kwa Okutobala! Ndiye kuti tsiku lija ankandifunsa ngati ndinaonapo mzungu pafupi, anali atamva kale zoona kuchokera pakamwa pa mzungu yemweyo. Umbuli ine ndimaukhululukira, tonse tinabadwa osadziwa kanthu. Koma uyu ankadziwa. Vuto lake linali lakuti anali atalengeza kale pamudzi, pamsika, ngakhale pabwalo la tchalitchi anthu akutuluka m'mapemphero, kuti iye watulukira mankhwala a dzuwa amene madokotala anawalephera. Kubweza mawu kukanamuvula udokotala. Anayeza khungu la mchemwali wake ndi manyazi ake, nkuona kuti manyazi ndiwo olemera.

Ndinayesa njira zina. Ndinatuma amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi kwawo, kuti akamuuze Olive zimene Peterson anamva. Anawalandira bwino, anawaphikira tiyi, anathokoza, ndipo m'mawa mwake anali pampando pake pamsewu. Inenso ndinapitako kawiri chakumadzulo. Ulendo woyamba anati mutu ukumuwawa, wachiwiri ndinangomva chitseko chikutsekedwa ndili pa mtengo wa mango. Kenako nane matama anandigwira. Ndinati aliyense ali ndi mutu wake, odwala ndili nawo ambiri. Botolo lake ndinkalipatula mwezi uliwonse, koma kukamuchonderera ndinasiya. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo Griffin sindimugawirako, ndi zanga ndekha.

Zinadutsa zilimwe zitatu. Griffin zinamuyendera. Ntchito ya pa loji anasiya, ati ikumuchedwetsa. Anagula gauni loyera pa kaunjika, lolembedwa dzina la munthu wina pachifuwa, ndi magalasi akuda oti dzuwa lisamupweteke m'maso. Anagulanso ambulera yaikulu ya mitundumitundu nkuizika pakathebulo paja. Nditaiona ndili m'minibasi mtima unakhala pansi, ndinati kani munthuyu wamva chisoni. Nditayandikira ndinaona kuti mthunzi wonse uli pa mabotolo, ati mafuta akatenthedwa amasasa. Mpando wa Olive unali kunja kwake.

Mu Ogasiti wa 2019, Lachiwiri loyamba la mwezi, odwala onse atatha panatsala mayi mmodzi pabenchi, atamanga duku motsitsa mbali imodzi. Sindinamuzindikire msanga. Nkhope inali itadzaza madontho akuda ndi nkhanambo, milomo yong'ambika. Atalowa m'chipinda fungo linayamba kundiuza ndisanaone. Anamasula duku yekha. Pamwamba pa khutu lakumanzere panali chilonda chakuya, m'mphepete mwake molimba ngati chikopa.

"Chayamba liti?"

"Nthawi ya mvula."

"Mwakhala mukuikapo chiyani?"

Duku lonse linkanunkhira kokonati. Griffin anali atamuuza kuti ndi poizoni wa makemikolo akale amene akutuluka, azingowonjezera mafuta.

Sindinamukalipire. Ndinalemba kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu ku Mzuzu, nkutuma uthenga kwa Griffin kuti pakufunika womuperekeza. Yankho linabwera lakuti Ogasiti ndi mwezi wa alendo, ofesi singatsekedwe. Ofesi! Kathebulo ka miyendo itatu ndi njerwa. Ndinapempha tchuthi cha masiku anayi nkupita naye ndekha. Njira yonse yokwera mapiri ija anakhala cha pawindo atagwira khutu, osalankhula, ndipo nane ndinatseka pakamwa panga, zimene sizichitikachitika.

Madokotala anadula kachidutswa nkukayeza, ndipo zinatuluka zimene ndinkadziwa kale: khansa ya pakhungu. Patapita milungu ingapo anachotsa khutu lonse ndi mnofu wina wa m'khosi. Anati akuganiza kuti aipeza isanalowe kwambiri, koma azibwera miyezi itatu iliyonse, ndipo dzuwa alione ngati mdani. Nditapita kukamuona m'wodi masana ena, ndinamupeza atakhala tsonga, mutu uli m'mabandeji. Ndinali nditalumbira kuti sinditchula dzina la munthu uja, koma lilime langa silisunga malumbiro.

"A Olive, mukudziwa kuti mchimwene wanu ankadziwa kuyambira chaka choyamba?"

"Amayi a Umanyano anandiuza. Ndipo ngakhale akanapanda kundiuza, mukuganiza kuti munthu sumva ukamapsa? Ndikachoka pamsewu paja ndinkalephera ndi kusenza ndowa yomwe."

"Ndiye chifukwa chiyani? Ndiuzeni, chifukwa ine mutu wanga sukugwira."

Anasalaza nsalu ya pabedi.

"M'mawa uliwonse ankandidzola yekha," anatero. "Pamapewa, m'khosi, kuseri kwa makutu, ndi manja ake. Ama Nesi, chitsikireni kumsana kwanga Griffin anali asanandikhudzepo. Ndikamupatsa mbale ankadikira ndiike pansi. Ndiye tsiku lina akuti, azichi, khalani apa ndikudzoleni. Pamsewu paja, pamaso pa anthu a magalimoto, ankanena kuti ndine mchemwali wake, bere limodzi. Ndinadikira mawu amenewo zaka makumi awiri. Inu simungamvetse."

Ndinatuluka nkukaima pakhonde. Ndinalira, koma musaganize kuti inali misozi yachifundo yokha. Akanakhala pafupi Griffin tsiku limenelo bwenzi ntchito itanditheratu.

Kuchipatala sanapondeko ngakhale kamodzi. Olive atabwerera kunyumba, dokotala wathu anayang'ana chipsera chija kamodzi kokha, nkulamula kuti asadzafikenso pamsewu, makasitomala angathawe. Ntchito yopala ndi kuwiritsa yokha ndiyo sinathe. Amaigwirira kuseri kwa nyumba, pansi pa chisakasa chimene anamanga Peterson ndi amuna awiri a kutchalitchi. Anthu akamufunsa Griffin kuti achemwali aja ali kuti, amapukusa mutu mwachisoni nkunena kuti khutu lawo linadyedwa ndi makemikolo a boma amene anadzola zaka zambiri, akanayamba nachulo msanga bwenzi zisanachitike. Ndipo anthu amagula. Ena amagula awiri.

Olive anabwerera ku chipewa chake ndi bulauzi za manja aatali. Mafuta oteteza ku dzuwa ndimamupititsira ndekha, sindidikiranso Lachiwiri. Vuto ndi lakuti chichitireni opaleshoni dzanja lakumanzere silikwera bwino, ndiye kumbuyo kwa khosi safikako.

Loweruka lapitali ndinafika kwawo m'mawa, cha m'ma seveni. Ndinamupeza pakhonde atatsegula botolo, akuyesa kupinda mkono. Griffin anatuluka m'nyumba atavala gauni lake, tsitsi lopesa, atanyamula dengu la mabotolo amene Olive anadzaza dzulo lake. Ine sanandipatse moni, nanenso sindinaufune. Olive anamutambasulira botolo lija.

"Griffin, tandidzolako kukhosi kuno. Dzanja silikufika."

Anayang'ana botolo, nkuyang'ana zikhatho zake.

"Azichi, manja angawa makasitomala amanunkhiza. Akamva fungo la makemikolo ndiwauza chiyani? Si awa a Sisita ali pomwepa?"

Anakonza magalasi ake akuda nkumapita, nsapato zosongoka zija zikulira pamiyala.

Olive anakhala kanthawi botolo lili m'mwamba. Ndinalilandira, ndinamutembenuza, nkuyamba kumudzola kuyambira m'munsi mwa tsitsi. Chala changa chitafika pafupi ndi chipsera chinakhudza kanthu kolimba, kokhakhala, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene mwezi watha kunalibe. Ndinabwerezanso kachiwiri. Kanalipo ndithu.

"A Olive, Lolemba tikupita ku Mzuzu."

"Chabwino, ama Nesi," anatero, maso ali kunjira kumene mchimwene wake analowera. Anadzuka, analowa m'nyumba, nkutuluka ndi chinangwa chophika atachikulunga m'kapepala. "Wapita osamwa tiyi. Mukamadutsa pamsewu mumupatsireko ichi."

Ndinachilandira chifukwa cha iye. Nditafika pamsewu ndinatsika kabaza, ndinachiika pathebulo pansi pa ambulera paja. Griffin anali kalikiliki ndi alendo awiri. Atandiona anamwetulira, nkuwauza kuti awa ndi anamwino a boma, nawonso amagula kwa ine. Kenako ananditambasulira dzanja kuti ndinunkhize.